Mwala wa Kumwamba pa Manda a Atuweni

Wigston, Leicester
12 Okutobala 2025

Okondedwa alamu anga a Bonface,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi mbumba yonse ya ku Domasi. Ine kuno ndilipo, mphamvu zokhazokha. Udindo wanga ku nyumba yosamalira nkhalamba ukadali womwe uja, nduna yaikulu ya matewera m'dera lonse la Wigston, ndipo agogo achizungu amakana kusamba akapanda kumva kuti Absalom ali pa shifiti. Kuzizira kwayamba kale. Dzulo ndinayetsemula pa siteji ya basi, chimfinecho chinagwa pansi n'kusweka ngati mbale.

Mauthenga anu onse a pa foni ndinawamvera, ngakhale womaliza uja munkakuwa ngati mukuthamangitsa anyani m'munda. Sindinayankhe dala. Pa foni inu simupatsa munthu mpata, ndiye ndati ndilembe, mukawerenge muli chete kamodzi m'moyo wanu. Kalatayi ndapatsira mayi Mtendere a kutchalitchi kwathu amene akubwera ku Zomba.

Nkhani ndi yomwe ija ya manda a achemwali anu, mkazi wanga Atuweni. Mwati mvula ina ikubweranso manda alibe chiliza, dothi lamira pakati, mtanda wamatabwa chiswe chadya, ndipo anthu akamapita kukaika maliro ena amaloza ndi milomo n'kumati awo ndi manda a nesi wa ku Ulaya uja akudikira mwala wa kumwamba. Mwandifunsa kuti mwalawo uli kuti. Ndikuyankhani, koma poyamba ndikukumbutseni mmene zinayambira, chifukwa anthu a kwanuko nkhani mumakumbukira mbali imene ikukukomerani.

Atuweni atagonekedwa m'chipatala, mwana wathu Thandi anali atangoipeza kumene ntchito ya uinjiniya ku kampani ija ya ku Loughborough. Anabwera ndi foni n'kuwaonetsa amayi ake kanema wa kampaniyo: makina akutera pa mwala mlengalenga, akukumba, chuma chikungowala mbee. Achemwali anu anaonera mpaka kumapeto, kenako anati, "Thandi, ukadzafika kumeneko udzanditolereko kamwala kamodzi, adzandiikire pa chiliza, anthu a ku Domasi adzaone." Thandi anavomera akupukuta misozi. Ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu anga awiriwa. Sabata lotsatira mkazi wanga anatisiya.

Inu mukudziwa kuti kwathu zimene wanena munthu ali pafupi kutisiya sitiziphwanya. N'chifukwa chake titaika maliro, mmawa mwake abale atasonkhana pakhonde panu paja, ndinaimirira n'kupereka mawu a malemu. Mwina ndinathirako kamchere pang'ono. Mwina ndinati mwalawo udzakhala ngati chitseko cha tchalitchi, ndiponso kuti uzidzawala usiku mpaka anthu a ku Domasi adzasiya kugula matochi. Munthu wachisoni salankhula ndi sikelo. Koma inuyo munagwedeza mutu, alamu, ndinakuonani. Ndipo ndinu, monga mwini mbumba, amene munalamula kuti pa manda pasaikidwe ngakhale njerwa imodzi mpaka mwala utafika. Ndiye mukamakuwa pa foni muzisiyako mawu ena oti mudzikuwire nokha.

Popeza sukulu munaithawa msanga kuposa ine, ndikufotokozereni ntchito ya mwanayu. Kumwambaku, kupitirira mitambo, kupitirira kumene kumadutsa ndege, kuli miyala imene imangozungulira dzuwa. Azungu amaitcha ma asteroyidi. Ina ndi yaing'ono ngati khitchini yanu, ina phiri la Zomba lingakhale kamwana kake. M'kati mwa ina muli chitsulo ndi pulatinamu, chuma choti umodzi wokha mungagule nawo Malawi yense, Mozambique n'kukhala banyira. Kale zopita kumwamba zinali za maboma okhaokha. Lero ndi makampani a anthu wamba, ngati mmene munthu amatsegulira chigayo: wapeza anzake a ndalama, walemba ana ophunzira, wapachika chikwangwani, basi wayamba kudzitcha wokumba migodi ya kumwamba.

Zaka zonsezi ndikamufunsa Thandi za mwala ankangoti, "Nthawi yake sinakwane, adadi," n'kusintha nkhani. Ndiye mwezi watha kampani yawo itaitana makolo kuti tikaone ntchito, ndinati basi, tsiku lija lafika, afuna atidzidzimutse. Ndinalengeza kutchalitchi. Ndinasita suti yanga ya buluu ija munaisirira pa maliro. Ndinatenga chitenje cha Mvano cha achemwali anu kuti ndikakulungire mwalawo. Ndipo ndinapempha mnzanga Khalil, mmwenye wobadwira ku Limbe amene ali ndi golosale ku Evington, kuti andiperekeze pa vani yake. Ameneyu Chichewa amalankhula kuposa inu.

"Achimwene," anatero Khalil, "mwala wa kumwamba tikaunyamule pa galimoto ya anyezi?"

"Sesamo basi," ndinatero, "mbiri ya galimoto yako isintha lero."

Alamu, ine ndinkayembekezera chipata cha asilikali, maroketi ataima ngati mitengo ya bulugamu. Tinapeza shedi. Shedi yeniyeni, mbali ino ogulitsa matayala, mbali inayo osunga makapeti. M'katimo munali tebulo, pa tebulo kabokosi kokutidwa ndi pepala lonyezimira ngati la chokoleti, kukula kwake katoni ya sopo. Chimenecho ndiye chombo. Pambali pake bafa la mchenga, kamakina kakukanda mchengawo ngati nkhuku yodwala. Ndinafunsa mtsikana wina kuti roketi mwaiimika kuti. Anati roketi alibe, kabokosiko kadzakwera matola pa roketi ya kampani ina. Matola, alamu! Khalil anayamba kutsokomola chifukwa chobisa phwete.

Kenako anabwera bwana wawo, dzina lake Dylan, kamnyamata koti suti yanga ndi yaikulu kwa iye pa zaka, kali mu sikipa ndi nsapato zothamangira. Kulankhula kokha ndiye amatha, ndipo ndikatero ine mudziwe kuti amathadi. Anati dziko lapansi latopa ndi migodi, tsogolo lili kumwamba, ndipo zonsezi akuchitira mtundu wonse wa anthu. Atamaliza anati amene ali ndi funso. Ndinaimirira.

"Bwana, ine ndine bambo ake a Thandi, amene akukuyendetserani kampani inoyi. Mwala woyamba ufika liti pansi pano? Galimoto ili panja."

Anthu anaseka, ena kuwomba m'manja. Anandiyesa wanthabwala wochita kulembedwa ganyu. Thandi yekha sanaseke.

"Funso labwino," anatero Dylan. "Chombo ichi sichikakumba ayi. Chikangojambula zithunzi, ndipo sichibwerera. Chachiwiri ndiye chidzakanda pamwamba. Komanso chimene tikufuna poyamba si mwala, ndi madzi. Miyala ina ili ndi madzi m'kati. Tikadzawatulutsa tizidzapanga mafuta a roketi konko kumwamba, n'kugulitsa kwa makampani ena konko. Zobwera nazo pansi pano, mwina zaka makumi awiri, zikayenda bwino."

Madzi! Mwana wanga anaphunzira mpaka maso kuvala magalasi kuti akakumbe chitsime kumwamba, pamene mjigo wa pa sukulu kwanuko unafa ine ndisanamere imvi. Ndipo zaka makumi awiri, alamu. Ndinadziwerengera ndekha, ndinapeza kuti nthawi imeneyo inenso ndidzakhala ndikufuna changa chiliza.

Sindinakhale pansi. Ndinati, "Nanga miyalayo mwini wake ndani? Munakapempha kwa yani?"

Anati, "Palibe dziko limene linganene kuti mwala wakutiwakuti ndi wake. Koma mayiko ena anavomereza kale kuti chimene kampani yakumbapo ndi cha kampaniyo. Ofika poyamba ndiwo adzapindule."

"Mawu amenewo kwathu tinawamvapo," ndinatero. "Ndi mmene inapitira minda ya tiyi ku Thyolo. Anapeza malo opanda mpanda, nati alibe mwini."

Apa kuseka kunachepa. Mayi wina wachizungu anayamba kuyang'ana m'kapu yake ya tiyi ngati mwagwera ntchentche.

Tsono pafupi ndi khomo panali kabokosi kagalasi, m'kati mwake mwala wakuda bii, kukula kwake ngati bango la boloma. Umenewo unali weniweni, wochokeradi kumwamba. Akuti unagwa wokha m'chipululu cha Sahara, anthu a kumeneko anautola n'kuugulitsa, mpaka unafika kwa mmodzi wa eni ndalama a kampaniyo. Taonani zimenezo. Mwala wochoka kumwamba wadzisankhira wokha kugwera mu Africa, koma nawonso wapezeka uli ku Mangalande, m'galasi, kiyi ali m'thumba la mzungu.

Anthu akudya timasikono ndinamukokera Dylan pambali. Ndinatambasula chitenje chija pa tebulo. Ndinamufotokozera zonse mwaulemu, m'Chingelezi changa chija chimene nkhalamba za ku Wigston zimati chimaposa cha pa wailesi. Ndinati mkazi wanga anali nesi, anasamalira anthu anu mpaka msana kupindika, anasiya mawu, manda ake akumira. Ndipatseni mwala uwu, Thandi ndi amene akaupereke, nkhani ithe.

Kamnyamatako kanafiira mpaka makutu. Kanati pepani kwambiri ndi imfayo, koma mwalawo si wake, ndi wa amene anaikamo ndalama. Kenako kanawala nkhope ngati kapeza nzeru. Kanati pa chombo chija adzamatapo kachitsulo kolembedwa mayina a anthu masauzande, ndipo dzina la mayi ake a Thandi atha kuliikapo ulere. Kanandipatsanso kapusi ya kampani.

Mwamva, alamu? Dzina la achemwali anu likwere matola pa katoni yosabwerera, m'tizilembo tosaoneka ndi maso, pamene pa manda ake dzina lomwelo chiswe chinamaliza kudya.

Ndisanayankhe, Thandi anandigwira mkono n'kunditulutsa panja, poimika magalimoto. Mwanayu mukudziwa kuti ukamulankhula m'Chichewa amayankha m'Chingelezi. Tsiku limeneli anayankha m'Chichewa, chopindikapindika koma chobaya, ndipo ndinadziwa kuti zavuta.

"Adadi, amami ankaseka. Inu munalipo. Ankafuna ndisiye kulira, basi."

"Munthu saseka pa bedi la imfa," ndinatero.

"Amami ankaseka paliponse. Anakwatiwa ndi inu."

Ndinati ndiyankhe, koma anandidula. Magazi a kwanu, alamu, sapatsa munthu mpata.

"Mukudziwa chifukwa chake sindinapitenso ku Malawi? Ana a amalume amandilembera. Akuti injiniya, mwala uja bwanji, amayi ako akunyowa. Amanditumizira zithunzi za manda. Munandisenzetsa manda a amami pamutu, inu n'kumayenda m'tchalitchi kudzitama kuti mwana wanu ali ndi mgodi kumwamba. Ndilibe mgodi, adadi. Ndimapanga kachitsulo kogwira kamera."

Ndinamuuza kuti kamera popanda kachitsuloko ingagwe, ndiye kuti kampani yonse yatsamira pa iye. Sanaseke.

Kenako anandiuza zimene Dylan sananene m'katimo. Kampaniyo aigula anthu a ku Amereka. Shedi ija aitseka, kabokosi kanyamulidwa, ndipo antchito auzidwa kuti amene akufuna ntchito atsatire kabokosiko, wosafuna atsale. Thandi anali atavomera kale kupita.

"Ndipo mumve izi," anatero. "Ngakhale nditakwera ndekha kumwambako n'kutapa mchenga ndi dzanja langali, si wanga. Ndinasaina. Chilichonse ndi cha kampani. Auzeni amalume amange. Ndigula mwala wabwino wosalala wa ku Blantyre, wolemba dzina ndi golide. Chonde, adadi."

Ndinamuyankha kuti amayi ake sanapemphe mwala wa ku Blantyre. Ndinawonjezerapo mawu ena okhudza ana amene amakonda katoni kuposa amene anawabereka, koma amenewo sindilemba onse chifukwa inki kuno ndi yodula. Anandiyang'ana, anapinda chitenje chija bwinobwino, anandipatsa, n'kubwerera m'shedi.

Ine ndi Khalil tinakwera vani kubwerera. Tikudutsa pa Mountsorrel, kumene amaphwanya miyala ya misewu, Khalil anachepetsa liwiro.

"Achimwene, taonani miyala iyo. Tolani umodzi wakuda, muupake polishi wa nsapato. Ku Domasi ndani anauonapo mwala wa kumwamba?"

"Yendetsa galimoto, iwe wa anyezi."

"Ndiye gulani pa intaneti. Amagulitsa tizidutswa, tina n'teniteni. Ndikuthandizani kusankha."

Ndinaganizira, sindinama. Domasi yense ndingamupusitse ndi dzanja limodzi, linalo ndikumwera tiyi. Inuyo alamu ndiye simungavute, ndingakupatseni khala la mbaula n'kuligwadira. Koma achemwali anu chikwatirane nawo sanakhulupirirepo bodza langa ndi limodzi lomwe. Ndikayamba nkhani ankangoti, "A Absalom, chotsanipo theka, tiyambire pamenepo." Munthu wotero ndikamuikire mwala wa msewu pamutu? Za kugula pa intanetizo, iye sanatume sitolo. Anatuma mwana wake.

Musaganize kuti ndikuti ndinalakwa. Mawu ndinawamva, ndinawapereka kwa eni mbumba monga mwa mwambo. Amene ananama ndi a kanema aja. Iwo anajambula makina akukumba chuma pamene ali ndi bafa la mchenga, ndipo anthu ophunzira anawawombera m'manja n'kuwapatsa ndalama. Ine ndinangokuza mwala umodzi pakhonde panu, lero ndine chiseko cha kumanda. Dylan bodza lake lamukweza ndege ya ku Amereka, ndipo wanditengera mwana. Kampani yake siinakumbe kanthu kumwamba, ngakhale fumbi lodzaza supuni, koma m'nyumba mwanga yakumba ndipo yapeza.

Thandi ananyamuka sabata latha. Anandipempha kuti ndisinthane shifiti ndi mnzanga, ndikamuperekeze ku sitima. Koma nkhalamba zanga zikanalira, mukudziwa mmene zimandifunira. Nditaweruka ndinapeza makiyi ake pa tebulo ndi ndiwo za sabata lonse mu firiji, chilichonse m'kontena yake. Analemba pa foni kuti wafika bwino. Uthengawo ndauona, ndiyankha ndikapeza mpata. Nyumba ija ndinkadandaula kuti ndi yaing'ono yakula modabwitsa. Ndikatsokomola kukhitchini, chifuwacho chimakandiyankha kuchipinda.

Tsopano pempho langa, ndipo muwerenge pang'onopang'ono.

Mawu aja munawamanga ndinu, mukawamasule ndinu. Tengani akuluakulu awiri ndi abusa, mupite kumanda, mukawauze achemwali anu mwaulemu kuti mwala wachedwa, ndipo sitingawasiyenso pa mvula. Mukatero mangani chiliza mvula isanagwe. Cha njerwa ndi simenti, cholimba, dzina lilembedwe mozama ndi msomali simenti isanaume. Zofunika zonse nditumiza ine. Mwala wa ku Blantyre ayi, ndipo Thandi akakutumizirani kanthu mukagulire ana mayunifolomu.

Koma kumutu, pamwamba pa dzina, mmisiri asiyepo kabowo koti chibakera chilowe. Asatsekepo. Aboole kanjira kumbali kuti madzi asamaimemo. Ndikudziwa muti misala ya Absalom yayambanso. Mwina ndi misaladi. Koma mayi uja ananena, kaya ankaseka kaya sankaseka, ndipo mwana anavomera. Ine sindidzauona mwalawo, inunso ndi shuga wanuyo musadzinamize. Kabowoko kakhalepo basi.

Chachiwiri, ana anu aleke kumulembera Thandi za manda. Muwauze ndi mawu aja mumandikuwira nawo ine. Anthu akafunsa za mwala, auzeni kuti unapezeka koma ndi wolemera kwambiri, ndege zonse zaukana. Akakana kukhulupirira, auzeni kuti mkamwini wanu wa ku Ntcheu ndi wapakamwa, zimenezo akhulupirira msanga. Koma dzina la mwanayo lisamveke m'nkhani imeneyi. Ndikufuna tsiku lina adzatsike basi pa Domasi popanda womuloza ndi milomo.

Tsiku lovundukula chiliza mundiuze nthawi ikadalipo, ndidzapemphe tchuthi. Ndidzabwera ndekha. Pa mwambowo musadzandipatse mpata wolankhula, ngakhale nditakweza dzanja.

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba, muwauze kuti thobwa lawo ndimalilota. Moni kwa azakhali, kwa abusa, kwa amayi a Mvano amene anaimba tsiku lija mpaka mawu kusasa, ndi kwa ana onse, ngakhale ojambula manda aja. Khalil akuti moni, akuti vani yake ikadanunkha anyezi. Moni wa Thandi sindinapatsidwe, koma ndikudziwa kuti akanapereka, ndiye ulandireni.

Mukakaima pa manda, nenani za simenti ndi mvula zokha. Musakawauze achemwali anu kuti mwana wapita kutali bambo ake osamuperekeza. Zimenezo ndidzanena ndekha, popanda kuthira mchere.

Ndine mlamu wanu,
Absalom